Mtengwa wa ku Seoul ndi Mkamwini wa ku Ntchisi

Ukwati uliwonse umasamutsa munthu mmodzi. Awiri akagwirizana zomanga banja, wina amatsala pabwalo pamene anakulira, mnzake nkunyamula katundu kukakhala pakati pa anthu amene sakuwadziwa mtima. Amene amaonera masewero a pa kanema a ku South Korea, kaya pa foni, kaya m'timanyumba toonetsa mavidiyo ta pa Malomo, pa Boma la Ntchisi kapena pa Mponela, sachedwa kuona kuti kumeneko wosamukayo amakhala mkazi. Kuno ku mapiri a Ntchisi ndi Dowa, mwambo umene makolo a Chichewa anatisiyira umasamutsa mwamuna. Choncho pali alendo awiri oti tiwaike pamphasa imodzi: mtengwa wa m'masewero a ku Korea, ndi mkamwini wa m'midzi mwathu. Woyambayo timamuona pa kanema, atalembedwa ndi munthu wofuna kuti tilire kapena tiseke. Wachiwiriyo timakumana naye panjira yopita kudimba. Kusiyana kumeneku tisakuiwale. Sewero limakokomeza, ngakhale kuti silingakokomeze chinthu chimene eni dziko sakuchidziwa.

Tiyambe ndi tsiku lolowera. Ku Korea, ukwati ukamangidwa, pamakhala mwambo wina wotchedwa pyebaek. Mkwatibwi amavala zovala zamakolo, amagwada nkuwerama pamaso pa makolo a mwamuna wake, kenako amawathirira chakumwa. Apongoziwo amatapa zipatso zouma za jujube ndi mtedza wa chestnut nkuponyera pansalu yotambasula, ndipo zimene zagweramo zimaimira ana amene akufunira banjalo. Kale mwambowu unali wa abale a mwamuna okha, ngakhale masiku ano mabanja ambiri amaitananso makolo a mkazi. Kwathu tsiku loyandikana nalo ndi la chinkhoswe. Akuchimuna amabwera ndi tambala, akuchikazi amatulutsa msoti, ankhoswe nkusinthana pamaso pa gulu. Mnyamata amapatsidwa khasu ndi nkhwangwa. Mtsikana amalandira lichero, mthiko ndi chipande. Miyambo yonse iwiri ikunena za ana ndi za ntchito, ndipo yonse imauza achinyamatawo kuti ukwati si wa awiri okha. Koma pa pyebaek munthu mmodzi akuperekedwa ku nyumba imodzi, pamene pa chinkhoswe nyumba ziwiri zikulonjezana. Uko kugwada kumalunjika mbali imodzi. Kuno nkhuku zimayenda mbali zonse.

Malangizo amene alendo awiriwa amanyamula ndi ofanana modabwitsa. Akale a ku Korea ankauza mwana wamkazi wopita kubanja kuti akakhale zaka zitatu ngati wosamva, zitatu ngati wosalankhula, zitatu ngati wosaona. Akale a kwathu anati mkamwini asamakule mwendo. Onse akuuzidwa kuti pamudzi pa eni munthu amadzichepetsa, sayambitsa mlandu, salowerera nkhani za m'banjamo. Aku Korea anaikapo malire a zaka, ngati kuti ulendo udzatha. Ife sitinaikepo, ndipo mwamuna amatha kumera imvi pamudzi, ana ake atakwatiwa, akutchedwabe mkamwini.

Ntchito ya mtengwa wa ku Korea imaonekera bwino pa zikondwerero ziwiri zikuluzikulu: Seollal, chaka chatsopano chotsata mwezi, ndi Chuseok, chikondwerero cha zokolola. Pa masiku amenewa banja limasonkhana kwa makolo a mwamuna kukakumbukira makolo amene anamwalira, ndipo chakudya choika pa tebulo la mwambowo chimafuna manja ambiri. Sewero la No, Thank You, limene linayamba mu 2020 ndipo Park Ha-sun ndi amene anatenga mbali yaikulu, linamangidwa pa nkhani yokhayi. Min Sa-rin, amene sewerolo likumutsata, ndi mkazi wapantchito, wolandira malipiro ngati mwamuna wake, koma pa tsiku lobadwa la apongozi ake ndiye amalawirira kukaphika msuzi wa ndiwo za m'nyanja. Anthu akatha kudya, amuna amakhala pabalaza kucheza, iye ali chilili kutsuka mbale. M'seweroli mulibe munthu woipa mtima, ndipo mphamvu yake ili pomwepo: palibe amene amamukalipira, aliyense amangoyembekezera kuti adzuka. Makolo amene akuwaphikirawo si ake. Dzina lawo si lake, pakuti mkazi wa ku Korea sasintha dzina la bambo ake akakwatiwa, monga momwe Naphiri amakhalirabe Naphiri ngakhale atakwatiwa kwa a Banda.

Ntchito ya mkamwini ndi ya panja. Amamanga nyumba pamalo pamene akuchikazi amuloza, amaluka nkhokwe, amazika khola, ndipo asanakhazikike pa munda wa mkazi wake amayamba waonetsa mphamvu m'munda mwa apongozi: kugalauza mizere dzuwa la Okutobala lili pamutu, kupalira, kubandira. Thukuta lake limagwera pa nthaka imene sidzakhala yake, monga momwe thukuta la Min Sa-rin limagwera m'khitchini ya eni. Apa awiriwa ndi amodzi. Kusiyana kwake nkwakuti ntchito ya mkamwini imaoneka ndi maso ndipo imatha. Odutsa amaloza nkhokwe nkunena kuti mwana wa uje anapeza mwamuna wolimbika. Ntchito ya mtengwa imadyedwa tsiku lomwelo, mawa nkuyambanso, ndipo imakumbukiridwa pokhapokha mchere ukachepa. Komabe tisafulumire kunena kuti mkamwini ali pabwino. Chimene wamanga chimatsala pomwepo iye akachoka, ndipo amachidziwa chimenechi kuyambira tsiku limene wazika mzati woyamba.

Ndiye pali mpongozi. Apa njira ziwirizi zimapatukana kwambiri, ndipo ine ndimaona kuti ndi pamene pali phunziro lalikulu. Mwambo wathu unaika mtunda pakati pa mkamwini ndi amayi a mkazi wake. Akakumana panjira, mmodzi amapatuka nkunjuta patali; sadyera mbale imodzi; sayang'anana m'maso; uthenga umadzera mwa mwana kapena mwa mkazi. Manyazi amenewa amamanga munthu, koma amamutetezanso: anthu amene salankhulana mwachindunji savutika kupewa kukangana. Masewero a ku Korea amaonetsa zosiyana kotheratu. Mtengwa ndi apongozi ake ali m'khitchini imodzi, mapewa akugundana. Mayi amalawa msuzi wa mtengwa, amatsekula firiji yake kuona zimene akudyetsa mwana wawo, amafunsa za mimba mosabisa. Kuyandikana kumeneku kumabala mikangano imene imadzaza zigawo makumi asanu, koma kumabalanso chinthu chimene mwambo wa kupewana sungabale: zaka zikapita, akazi awiriwa amatha kukhala pansi pamodzi kupaka tsabola pa kabichi wa kimchi, akuuzana za m'mtima. Mkamwini sakangana ndi apongozi ake, koma sadzawadziwanso. Mtengwa amalira chifukwa cha apongozi ake, koma tsiku lina akhoza kudzawalira. Chabwino nchiti pamenepa sindikufuna kuweruza mwachangu.

Funso lalikulu pa mlendo aliyense ndi la ana. Ku South Korea kunali dongosolo la kaundula wa mabanja lotchedwa hoju. Banja lililonse linkalembedwa pansi pa mutu umodzi, ndipo umutu umenewu unkatsata amuna: mwana wamwamuna, ngakhale wamng'ono, ankatsogola pa amayi ake ndi alongo ake. Mkazi akakwatiwa, dzina lake linkasamutsidwira ku kaundula wa mwamuna, ndipo banja likatha ana ankatsalabe m'kaundula wa bambo. Khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula mu 2005 kuti dongosololi likutsutsana ndi malamulowo, ndipo linathetsedwa pa 1 Januwale 2008. Kufunitsitsa mwana wamwamuna kunafika poti mu 1990 pa atsikana 100 aliwonse obadwa pankabadwa anyamata oposa 116. Agogo a m'masewero amene amakwinya nkhope akamva kuti kwabadwa mtsikana sanachite kupekedwa. Anachokera m'nthawi imeneyo.

Kwathu mtsikana akabadwa nthungululu zimamveka, chifukwa ndiye adzakulitsa mudzi. Ana ndi a kuchikazi. Mwini wawo pa mlandu, pa ukwati ndi pa maliro ndi atsibweni awo, mwinimbumba, ndipo bambo wowabereka amakhala kumbali akumvetsera. Mwamuna yemweyo amene ali chete kuchikamwini, akapita kwawo amakhala ndi mawu pa ana a mlongo wake. Amalamula kumene sagona, amagona kumene salamula. Mtengwa wa ku Korea alibe kwina kotero kokalamulira, koma ali ndi chiyembekezo chimene mkamwini alibe: akabereka mwana wamwamuna, nkupirira, tsiku lina adzakhala iye mpongozi, makiyi a nyumba ali m'manja. Mkamwini sakwera udindo kumudzi kwa mkazi wake ngakhale atakhalako zaka makumi anayi. Onse awiri amaberekera mtundu wa eni. Wina amalipidwa ndi nthawi, wina amalipidwa ndi mudzi wina.

Pano pali msampha umene owonera ambiri a kwathu amagwamo, wonena kuti popeza ife timatsata kuchikazi ndiye kuti akazi athu ndiwo olamula. Zoona zake zili pakati. Mayi wa Chichewa ali ndi munda wochokera kwa amayi ake, ali ndi abale pafupi, ndipo amayi aakulu a mbumba ndiwo amaloza woyenera kulowa ufumu. Mbiri ya Amaravi ili ndi Nyangu, mayi wa a Kalonga, ndi Makewana wa ku Msinja, amene ankapempherera mvula. Koma mwinimbumba ndi mwamuna, ndipo dambwe ndi la amuna. Nawonso mayi wamkulu wa m'masewero a ku Korea, uja wokhala pa mpando wa kampani nkumakankhira envelopu ya ndalama kwa mtsikana wosauka kuti asiyane ndi mwana wake, amaoneka wamphamvu zoopsa. Koma mphamvu yake yonse imatsamira pa mwana wamwamunayo. Wina amalimba chifukwa cha mlongo wake, wina chifukwa cha mwana wake. Maiko onse awiri anakhalapo ndi mtsogoleri wamkazi pa nthawi imodzi, Joyce Banda kuyambira 2012 mpaka 2014 ndi Park Geun-hye kuyambira 2013 mpaka 2017, ndipo m'makhitchini a maiko onsewo simunasinthe zambiri chifukwa cha icho.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi chakuti Korea nayo inali ndi chikamwini chake. Ambiri tinaonera Jumong, sewero la zigawo 81 la mu 2006 ndi 2007, lonena za munthu amene anayambitsa ufumu wa Goguryeo mothandizidwa ndi Soseono, mwana wamkazi wa mkulu wa amalonda. Mabuku a mbiri a ku China a m'zaka za m'ma 200 amafotokoza ukwati wa anthu a ufumu umenewu motere: makolo a mtsikana ankamanga kanyumba kuseri kwa nyumba yawo, mnyamata ankafika madzulo, natchula dzina lake, nagwada kupempha kuti amulole kulowa, ankakhala kumeneko mpaka mwana atakula, ndipo pokhapo ankatenga mkazi wake kupita naye kwawo. Munthu wa kwa Kalumo kapena kwa Chilooko atamva zimenezi anganene kuti akusimba za kwawo: chikamwini poyamba, chitengwa pambuyo. Mwambo wokhala kuchikazi unapitirira mpaka m'zaka zoyambirira za ufumu wa Joseon, umene unayamba mu 1392. Shin Saimdang, wojambula zithunzi amene anabadwa mu 1504, anakhala nthawi yaitali kwa makolo ake ku Gangneung atakwatiwa kale, ndipo mwana wake Yi I, amene anadzakhala katswiri wa maphunziro, anabadwira kuchikazi komweko mu 1536. Nkhope ya mayiyu ili pa ndalama ya 50,000 won kuyambira 2009. Chiphunzitso cha Confucius, chimene olamulira a Joseon anachikumbatira, ndicho chinakankhira ukwati pang'onopang'ono kunyumba ya mwamuna. Mtengwa wozunzika uja, amene timamuyesa wa chikhalire, ali ndi zaka mazana ochepa chabe.

Ife tikuyenda njira yofanana, ngakhale pa zifukwa zathu. Angoni a Chiwere atakhazikika ku Dowa m'zaka za m'ma 1800 anabwera ndi mwambo wotsata kuchimuna. Amishoni a Dutch Reformed atatsekula Mvera mu 1889 ndi Kongwe mu 1894 anaphunzitsa kuti mwamuna ndiye mutu wa banja. Kenako kunabwera fodya. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima burley kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mwamuna amene akufuna kuzika chigafa, kudinda mabelo, kukagulitsa ku okushoni ku Kanengo nkudzamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, anayamba kudzifunsa kuti amange pa nthaka ya yani. Ambiri anayankha popempha chitengwa: kupereka kangachepe kwa akuchikazi nkutenga mkazi kupita naye kwawo. Lero m'midzi yambiri ya Ntchisi ndi Dowa atengwa ndi ochuluka, ndipo mwina mnyamata sagonako ndi chaka chomwe kuchikamwini. Korea inachoka kuchikazi potsata chiphunzitso. Ife tikuchokako potsata ndalama ndi kuchepa kwa malo. Kumene inafika Korea tikukuona pa kanema madzulo aliwonse.

Mlembi mmodzi wa ku Korea, Park Ji-eun, analemba mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Mu 2012, pa kanema wa KBS, anatulutsa My Husband Got a Family. Cha Yoon-hee, mayi wapantchito, anasankha dala kukwatiwa ndi dokotala amene analeredwa ku America wopanda makolo omubereka, poganiza kuti wathawa apongozi. Posakhalitsa zinadziwika kuti makolo enieni a mwamunayo ndi anthu a khomo loyang'anizana nalo, omwe anali atakangana nawo kale. Patapita zaka 12, mu 2024, mlembi yemweyo anatembenuza nkhani mu Queen of Tears. Baek Hyun-woo, loya, mwana wa nyakwawa ya mudzi wa Yongdu-ri, wakwatira Hong Hae-in wa m'banja lolemera kwambiri ndipo akukhala kuchikazi. M'chigawo choyamba timaona akamwini a banjalo, amuna ophunzira bwino, atavala maepuloni m'khitchini, akukazinga ndi kukonza chakudya cha mwambo wokumbukira makolo a akazi awo. Hyun-woo amapita kukamwa ndi mnzake nkuyamba kulira ngati mwana. Seweroli linaposa masewero onse a kanema wa tvN pa kuchuluka kwa owonera, kuphatikizapo Crash Landing on You la mlembi yemweyu.

Taonani chimene chimachitika mumtima mwa woonera. Akamwini a maepuloni aja amatiseketsa. Min Sa-rin pa mbale zake satiseketsa. Ntchito ndi imodzimodzi, koma mwamuna akaigwira imasanduka nthabwala. Nthano zathu zinachita zomwezo kalekale: mkamwini wa m'nthano amakana chakudya pamaso pa apongozi chifukwa cha manyazi, usiku nkukagwidwa akunyambita mphika. Timamuseka, ndipo pomuseka timavomereza kuti njala ndi manyazi akewo nzoona. Choncho pa mwamuna wokhala kwa eni, Korea ndi Ntchisi amagwirizana: onse amaseka. Pa mkazi wokhala kwa eni ndi pamene amasiyana. Korea inamulembera masewero ambirimbiri. Ife tilibe nthano zambiri za mtengwa, mwina chifukwa pamene nthano zinkapekedwa atengwa anali ochepa.

Pali chinthu chimodzi chimene sichisamuka, kaya wasamuka ndi mwamuna kaya ndi mkazi: mphika. Mkamwini wa ku Ntchisi, ngakhale ali mlendo, sapita kuchitsime, sasinja, satola nkhuni za kukhitchini. Mkazi wake, mwini mudzi, mwini munda, ndiye amabwera kuchokera kumunda komwe analimira limodzi nkuyamba kusonkha moto. Akapha nkhuku, nthutumba ndi ya bambo. Mkaziyo amagwada pothira madzi osamba m'manja, amaika nsima ndi ndiwo, nkubwerera kukhitchini kukadya ndi ana. Sewero la When Life Gives You Tangerines, limene Netflix inaonetsa mu 2025, lili ndi chithunzi chimene mayi aliyense wa kwa Kasakula angachizindikire. Nkhani yake ikuchitikira pa chilumba cha Jeju, kumene akazi otchedwa haenyeo amamira pansi pa nyanja opanda zida zopumira kukatola nkhono zogulitsa, ndipo ndiwo amadyetsa mabanja. Komabe pa nthawi ya chakudya amuna ali ndi tebulo lawo la zabwino, akazi ndi atsikana ali ndi lawo pambali. Gwan-sik, mwamuna wa Ae-sun, mayi amene sewerolo likumutsata, tsiku lina amangotembenuka ndi mbale yake, kufulatira tebulo la amuna, nayamba kudya ndi mkazi wake ndi mwana wake wamkazi, akuluakulu akuyang'ana. Sanalankhule zambiri. Mayi wa ku Jeju amabweretsa ndalama, mayi wa ku Ntchisi ali ndi nthaka, ndipo onse awiri amadya pomaliza.

Atsikana ambiri amene amakonda masewerowa amanena kuti amuna a ku Korea ndi achikondi: amagwirira mkazi ambulera, amagwada kumumangira chingwe cha nsapato, amamubereka kumsana akatopa, saopa kugwetsa misozi. Anyamata amayankha kuti zimenezo ndi za mufilimu. Onse ali ndi mbali yoona. Ambiri mwa olemba masewerowa ndi akazi, monga Park Ji-eun ndi Kim Eun-sook, ndipo mwamuna wa ambulera uja ndi chithunzi cha mwamuna amene akazi a kumeneko akumulakalaka. Kunja kwa kanema, South Korea ndiyo ili ndi mpata waukulu kwambiri pakati pa malipiro a amuna ndi a akazi mwa maiko a bungwe la OECD, pafupifupi 30 pa 100 aliwonse. Ndipo mu 2023 chiwerengero cha ana pa mayi mmodzi chinatsika kufika pa 0.72, chotsikitsitsa padziko lonse. Akazi ambiri akuzengereza kapena kukana kulowa m'banja. Koma nafenso tili ndi mawu okoma amene sagwirizana ndi za pansi. Timanena kuti mbumba ndi yolemekezeka, pamene kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti atsikana 42 pa 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo mayi mmodzi ankabereka ana 4.4 tikagawa mofanana. Uko mkazi akuchedwa kulowa m'banja chifukwa akuona mtolo wake. Kuno akulowamo asanakule moti nkuuona. Malamulo aakulu a dziko lathu anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira pa zaka 18.

Banja likagwedezeka, alendo awiriwa amayang'ana kosiyana. Mtengwa wa m'masewero a ku Korea nthawi zambiri amakhala yekha. Amadandaulira mnzake wapamtima pa kabotolo ka soju, kapena amapita kwa loya. Makolo ake amawerama pamaso pa akuchimuna ngati olakwa. Kwathu kuli ankhoswe, anthu awiri odziwika maina, mmodzi mbali iliyonse, amene anasinthana nkhuku zija ndipo ali ndi udindo wodzuka usiku banja likavuta. Ichi ndi chuma chimene sindinachione m'sewero lililonse la ku Korea, ndipo tisachipeputse. Koma tinenenso zoona kuti ankhoswe ambiri ali ndi mankhwala amodzi pa nthenda iliyonse: banja ndi kupirira. Mayi wotupa diso amatha kubwezedwa kunyumba ndi mawu amenewo, ngakhale lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006. Ukwati ukatheratu, mkamwini amachoka ndi bulangeti ndi khasu lake, kusiya nyumba, nkhokwe ndi ana. Mkazi amatsala pake. Pamenepa chikamwini chimateteza mayi ndi ana kuposa momwe hoju inkachitira, ndipo chimapweteka bambo pafupifupi momwe hoju inkapwetekera mayi.

Amene ali pangozi yaikulu ndi munthu wachitatu amene wakhala akuonekera m'mbali mwa nkhaniyi: mtengwa wa kwathu konkuno. Iye wasiya munda wa amayi ake, kumene mwina abale agawana kale. Kumene wapitako ndi mlendo. Mphika uli naye. Ndipo mwamuna akamwalira, akangomusudzula, amatha kuuzidwa kuti abwerere kwawo, nyumba ya malata imene anasokera fodya wake nkutsala ndi alamu. Lamulo la mu 2011 lokhudza chuma cha masiye linaika kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana m'gulu la milandu, koma lamulo limagwira ntchito kwa amene akulidziwa ndipo ali ndi womuperekeza kukhoti. Mayiyu wasenza mtolo wa mkamwini ndi wa Min Sa-rin pamodzi. Ndikamaona amayi a ku Malomo ndi ku Madisi atakhala chete pamaso pa sewero la ku Seoul, akupukusa mutu pamene apongozi akulawa msuzi, ndimakhulupirira kuti ambiri a iwo akudziona okha. Tili ndi alembi a masewero a pa wailesi ndi pa kanema amene atiseketsa ndi kutiphunzitsa kwa zaka zambiri, monga tinaonera pa Tikuferanji. Kwa iwo ndikupempha kuti atilembere mtengwa wa ku Ntchisi, ndi ankhoswe ake, alamu ake ndi chigafa chake, m'Chichewa, ndipo amupatse zigawo zokwanira kuti anene zonse.